Musanadule waya, funsani kuti anaikira yani



Lero tiike kaye choko pansi, tikambe za galimoto. Ndikudziwa kuti ambiri a ife ulendo wathu ndi wa njinga, wa kabaza, kapena wa Sienta ija yothithikana mpaka wina kukhala pambali pa giya. Koma n'chifukwa chake nkhaniyi ndi yathu. Munthu amene alibe galimoto ndi amene tsiku ndi tsiku amapereka moyo wake m'manja mwa dalaivala ndi makaniko amene sakuwadziwa. Ndiyambira kutali, ku America, koma musatope, tifika kuno kunyanja.

Ku America kuli galimoto yaliwiro, ya mipando iwiri yokha, yotchedwa Chevrolet Corvette. Mchaka cha 1989 kampani ya General Motors inayamba kuika m'galimotoyi giyabokosi ya magiya 6 yosintha ndi dzanja, yopangidwa ndi kampani ya ZF ya ku Germany. Pamodzi ndi giyabokosiyo anaikamo kachipangizo kotchedwa CAGS, kamene madalaivala amangoti skip-shift, kunena kuti kulumpha giya. Patsogolo pake kanalowanso mu Camaro ndi Firebird, ndipo makampani ena anatengera nzeru yomweyo, monga mu Dodge Viper.

Kagwiridwe kake ka ntchito ndi aka. Wanyamuka pa giya 1, ukuyenda modekha, waponda kilatchi kuti ulowe giya 2 monga mmene aliyense anaphunzirira. Ndodo ya giya ikukana kupita ku 2. Ikutsetserekera yokha ku 4. Chimene chachitika n'chakuti kompyuta ya galimoto yatumiza magetsi ku solenoid imene ili pa giyabokosi. Ana anga a Physics mukuikumbukira solenoid: waya wokulungidwa amene amasanduka maginito magetsi akadutsamo. Maginitowo amakankha kachitsulo kamene kamatseka njira ya giya 2 ndi 3. Sizichitika nthawi zonse ayi. Pa Corvette za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, zimachitika pokhapokha madzi a mu injini atatentha kupitirira madigiri 76, galimoto ikuyenda pakati pa makilomita 24 ndi 31 pa ola, ndipo phazi laponda mafuta pang'ono, osapitirira 21 peresenti. Kutsogolo kwa dalaivala kumayaka kanyali komuuza kuti achoke pa 1 apite pa 4.

Nanga munthu wanzeru zake angapange bwanji galimoto yaliwiro kenako n'kumanga dzanja la woyendetsa? Yankho lake ndi msonkho. Mu 1978 boma la America linakhazikitsa lamulo lotchedwa Energy Tax Act, limene linabweretsa msonkho wa galimoto zomwa mafuta kwambiri. Galimoto yatsopano imene siyenda mamailosi 22.5 pa galoni imodzi, amene ndi pafupifupi makilomita 9.6 pa lita, imalipitsidwa msonkho woyambira madola 1,000 mpaka madola 7,700. Ndipo kamwedwe ka mafutako sakayeza pamsewu. Amayeza m'chipinda, matayala akuzungulira pa zitsulo zogudubuzika, dalaivala akutsatira ndondomeko ya liwiro imene inalembedwa kale ndi bungwe loona zachilengedwe la EPA. M'mayeso amenewo galimoto imanyamuka modekha nthawi zambiri. Akatswiri a General Motors anaona kuti injini yawo ya malita 5.7 ili ndi mphamvu zokoka ngakhale pa giya 4 ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo ikatero imazungulira mochepa n'kumwa mafuta ochepa. Basi, anaikakamiza kulumpha magiya pamalo enieni amene woyesa mayeso amayang'ana. Galimoto inakhoza, msonkho unapewedwa.

Eni galimoto sanachedwe kupeza njira. Ukangozula waya wa solenoid, pa galimoto zambiri kompyuta imazindikira kuti china chasowa, n'kuyatsa nyali ya check engine. Ndiye anthu amagula kapulagi kamene mkati mwake muli resistor. Amazula waya pa solenoid, n'kulumikiza kapulagiko. Kompyuta ikatumiza magetsi imapeza kuti akudutsa monga kale, n'kuganiza kuti zonse zili bwino, pamene kachitsulo kaja sikakusunthanso. Mtengo wake sufika ngakhale pa thanki imodzi ya mafuta, ndipo ntchito yake ndi ya mphindi zochepa. Tsiku lofuna kubwezera, umangozula n'kulumikiza monga zinalili.

Maganizo anga ndi akuti anthu amenewa sakulakwa. Ndinene zifukwa. Choyamba, kachipangizoka sanakaikire woyendetsa, kapena wokwera, kapena mwana wowoloka msewu. Anakaikira woyesa mayeso. Chachiwiri, kamatha kusokoneza pamalo oipa: ukulowa mumsewu waukulu, ukufuna giya 2 kuti uchoke msanga, dzanja likupezeka pa 4, galimoto n'kuchita ulesi pakati pa msewu. Chachitatu, njira yokazembera popanda kudula chilichonse ndi kuponda mafuta kwambiri kapena kukhalitsa pa giya 1, ndiye kuti chinthu chimene anati chipulumutse mafuta chikuphunzitsa munthu kuwononga mafuta. Chachinayi, ukakachotsa sunakhudze mabuleki, sunakhudze chiwongolero, ndipo ngati mafuta akwera pang'ono, wolipira ndi mwini wake. Wina anena kuti dontho lililonse la mafuta ndi utsi umene tonse timapuma. Zoona, koma munthu amene ali ndi nkhawa imeneyo ayambe wafunsa chifukwa chake pali injini ya malita 5.7 yonyamula anthu awiri, asanafike pa kawaya aka.

Aphunzitsi anzanga, kodi nkhani imeneyi siikumveka ngati ya kwathu? Ife timaidziwa bwino skip-shift. Teremu yachiwiri ya Fomu 4 ikafika, timalumpha mitu imene "siibwera", timachoka pa giya 1 kupita pa 4, mwana akuloweza mayankho a mapepala akale a MANEB asanamvetse chimene akuyankha. Si kubera ayi. N'kukonza mwana kuti akomere woyesa, osati kuti akathe kuyenda pamsewu wa moyo. Kubera kwenikweni kuliponso. Mu September 2015 zinaululika kuti kampani ya Volkswagen inaika pulogalamu m'galimoto za dizilo pafupifupi 11 miliyoni, imene imazindikira kuti galimoto ili pa mayeso n'kuchepetsa utsi woipa, ikabwerera pamsewu n'kuyambiranso. Uko ndiye kulowa m'chipinda cha mayeso ndi likasa, ngati zija zinachititsa kuti mayeso a MSCE a 2020 aimitsidwe mu November n'kulembedwanso mu January 2021. General Motors sinabise, inalemba zonse m'buku la galimoto. Koma nkhani ziwirizi zikutiphunzitsa chinthu chimodzi: si chilichonse chimene wopanga galimoto anaikamo chili chopatulika. Zina anaikira mayeso ndi msonkho wa dziko lakwawo.

Tsopano tibwere kwathu. Corvette simuiona pa depoti ya Mangochi, koma m'bale wake wa skip-shift alipo, ndipo ena mwa inu mumamukwera. Galimoto zambiri zing'onozing'ono zimene timaitanitsa ku Japan zili ndi chipangizo chozimitsa injini ukaima, n'kuilizanso ukachotsa phazi pa buleki. Mazda amachitcha i-stop, Daihatsu amachitcha eco IDLE. Chinafala pamene boma la Japan, kuyambira 2009, linayamba kuchepetsa msonkho pa galimoto zosamwa mafuta, ndipo mayeso awo a JC08 anali ndi nthawi yambiri yoima. Mu 2011 Daihatsu Mira e:S inalengezedwa kuti imayenda makilomita 30 pa lita pa mayeso amenewo. Mayeso atasinthidwa kukhala WLTC, phindu la chipangizochi pa pepala linachepa, ndipo mu 2020 Toyota inatulutsa Yaris yatsopano ya petulo ku Japan yopanda chipangizochi.

Kunena chilungamo, pa mzere wa galimoto wa ku Lilongwe kapena ku Limbe nthawi yoweruka, kuzimitsa injini kumapulumutsadi mafuta. Koma kuchoka pa Boma kudutsa Namiasi ndi Makawa mpaka Monkey Bay, maloboti oti uimepo ali kuti? Chimene mwini galimoto wa kuno amaona ndi batire lapadera lodula kuposa wamba, ndi mpweya wozizira umene umafooka injini ikazima dzuwa la October lili pamutu. Wopanga galimoto anaikamo yekha batani lozimitsira chipangizochi. Amene amalidina m'mawa uliwonse, ine ndilibe naye mlandu. Wapweteka ndani?

Vuto langa likuyambira apa. Mtima womwewo woti "azungu ndi Ajapani anaika zinthu zosafunika kuno" taufikitsa pa zinthu zimene sizinaikidwire woyesa mayeso, koma inu ndi ine.

Tiyambe ndi thermostat. Galimoto ikangofika kuchoka ku doko, pamapezeka wina wolangiza kuti ichotsedwe, ati inapangidwira dziko la chisanu, kuno ku Mangochi kotentha ingowiritsa injini. Thermostat ndi kachitseko kamene kamatseka madzi kuti asapite ku redieta injini ikadali yozizira, n'kutseguka ikafika pa kutentha koyenera, pafupifupi madigiri 80 mpaka 90. Ikatseguka yatseguka, kaya uli ku Sapporo kaya ku Makanjira. Ukaichotsa, injini imachedwa kutentha, kompyuta imaona ngati kukadali m'mawa n'kumathira mafuta ochuluka, ndipo zitsulo zimadyeka msanga chifukwa oilo sanafike pomwe amagwira bwino ntchito. Pa injini zina thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule ka madzi. Ukaichotsa madzi ena amangozungulira osadutsa mu redieta, injini n'kumatentha kuposa kale. Thermostat ikhoza kufa n'kukakamira, zoona, ndipo mankhwala ake n'kugula ina. Koma kawirikawiri chowiritsa injini ndi redieta yotsekeka ndi dzimbiri chifukwa cha madzi a pamjigo amene timathiramo m'malo mwa coolant, fani yakufa, pampu yamadzi yotha, kapena chitsekerero cha redieta chosagwira. Timachotsa mlonda, wakuba n'kumusiya m'nyumba.

Nanga fyuzi? Ikapsa kawiri, wina amatenga kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya n'kulumikiza. Magetsi abwerera, aliyense wasangalala. Koma fyuzi inapangidwa kuti ife iyo m'malo mwa galimoto. Ikapsa ikunena kuti penapake mawaya akhudzana. Ukaika waya wosapsa, kutentha kumene kukanathera pa fyuzi kumapita m'mawaya a pansi pa dashibodi, pafupi ndi mapulasitiki. Chimodzimodzi nyali ya check engine kapena ya airbag imene ena amaimata tepi yakuda, kapena kuzula babu lake galimoto ikamagulitsidwa. Taonani kusiyana kwake: wa Corvette uja ananamiza kompyuta pa chinthu chimene akuchidziwa bwino lomwe. Uyu akutseka pakamwa wodwala kuti asabuule, osadziwa n'komwe chimene chikumupweteka.

Lamba ndiye nkhani yomvetsa chisoni. Galimoto ikamalira kuti mangani lamba, dalaivala amadutsitsa lambayo kumbuyo kwa mpando n'kumumanga, phokoso latha. Lamba wa nsonga zitatu amene tili nayeyu anapangidwa ndi Nils Bohlin wa kampani ya Volvo mu 1959, ndipo kampaniyo inalola opanga galimoto onse kumugwiritsa ntchito. Bungwe la WHO limati lamba amachepetsa mpaka ndi theka chiopsezo cha imfa kwa amene ali m'galimoto, ndipo lipoti lake la 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pamsewu chaka chilichonse padziko lonse. Kaphokoso kaja sikanaikidwire woyesa mayeso wa ku Tokyo. Kanaikidwira mutu wanu ndi galasi lakutsogolo.

Ndipo poti nkhani yathu inayamba ndi magiya, tinene za "free". Amene mumatsika mapiri a Chowe kuchokera ku Namwera, kapena Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, mukudziwa kamphindi kaja injini imangoti zii, galimoto ikutsetsereka yokha. Dalaivala wachotsa giya, ati akupulumutsa mafuta. Pa galimoto zakale za carburettor mwina panali kanthu. Koma injini za masiku ano, ukamatsika uli pa giya phazi utachotsa pa mafuta, kompyuta imadula mafuta yokha chifukwa matayala ndi amene akuzunguza injini. Ukaika free, injini iyenera kumwa mafuta kuti isazime. Ndiye palibe chimene wapulumutsa, koma wataya chinthu chachikulu: injini sikuthandizanso kugwira galimoto, katundu yense wagwera mabuleki. Mabuleki akatentha kwambiri amaleka kugwira, ndipo amaleka uli pakati pa phiri, osati pansi. Amene amafika pozimitsiratu injini ndiye amataya ndi mphamvu yothandizira buleki ndi chiwongolero yomwe. M'galimotomo muli mayi ndi dengu la usipa, muli mwana wasukulu akubwerera ku holide. Anawafunsa ndani?

Liwiro nalonso n'chimodzimodzi. Ku Kenya, mu 2004, nduna John Michuki inalamula kuti maminibasi aikidwe malamba ndi chipangizo choletsa kupitirira makilomita 80 pa ola, ndipo nkhondo yaikulu kuchokera pamenepo yakhala ya madalaivala ochisokoneza. Masamu ake ndi a Fomu 3: mphamvu ya chinthu choyenda imakwera ndi sikweya ya liwiro. Kuchoka pa 80 kufika pa 120, mtunda woti mabuleki aimitse galimoto suwonjezeka ndi theka ayi, umapitirira kuwirikiza kawiri. Pamsewu wathu wa m'mbali mwa nyanja, pamene mbuzi, njinga ndi ana zimatulukira paliponse, kusiyana kumeneko ndi maliro.

Ndikudziwa chimene ena muyankhe. Munena kuti aphunzitsi mukuyankhula ngati muli ndi ndalama. Sipeya ndi yodula, ina ndi yachinyengo, ina mpaka uitanitse ku Blantyre kapena kunja, ndipo galimoto ikagona tsiku limodzi ana agona ndi njala. Munenanso kuti pakanapanda luso la amakaniko athu a pansi pa mtengo wa mango, theka la galimoto za m'boma lino zikanakhala makola a nkhuku. Zonsezi ndikuvomera, ndipo amakaniko athu ndimawavulira chipewa. Kulumikiza waya kuti ufike pa Boma usiku uli pakati pa tchire ndi nzeru. Koma kuyenda ndi waya womwewo miyezi isanu ndi umodzi utanyamula anthu si umphawi, ndi kusasamala. Ndipo fyuzi ndi imodzi mwa sipeya zotchipitsitsa pa galimoto yonse. Kumanga lamba n'kwaulere. Kutsika phiri pa giya 2 kapena 3 n'kwaulere. Zambiri zimene timazemba sitizemba chifukwa chosowa ndalama, koma chifukwa palibe anatiuza ntchito yake, ndipo ife sitinafunse. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Choncho ine sindikunena kuti musakhudze chilichonse, sindikunenanso kuti dulani chilichonse chokusowetsani mtendere. Ndikupempha mafunso atatu musanagwire pulayala. Loyamba: chinthuchi anaikira yani, woyesa mayeso ndi wokhometsa msonkho wa dziko lina, kapena injini ndi anthu amene ali m'galimoto? Lachiwiri: ndikachichotsa zinthu n'kulakwika, alipire ndani, thumba langa kapena thupi la munthu wina? Lachitatu: kodi ndikuchiza matenda, kapena ndikungozimitsa chizindikiro chake? Skip-shift ya Corvette ndi batani la eco IDLE zimakhoza mafunso onse atatu. Thermostat imalephera loyamba ndi lachitatu. Fyuzi ya waya, lamba wa kumbuyo kwa mpando ndi free ya pa Chowe zimalephera onse, ndipo palibe kubwereza kalasi.

Kwa aphunzitsi anzanga, mbali ina ya ntchitoyi ndi yathu. Dalaivala amene akuika free lero anakhalapo pa desiki patsogolo pa wina wa ife. Mwina analemba bwinobwino tanthauzo la friction ndi kinetic energy, anakhoza, koma palibe anamuuza kuti zimenezo ndi mabuleki a pa Khwekhwerere. Tikamaphunzitsa solenoid, fyuzi, kapena kufutukuka kwa zinthu zikatentha, tiyeni titulutse ana panja, tipemphe mwini galimoto wina atsegule boneti, aone ndi maso. Mphindi makumi anayi zimenezo mwina sizibwera pa pepala la MANEB, koma zidzabwera pamsewu.

Ndipo inu ana anga amene muli pa chiwongolero, amene muli m'magalaja, ndi amene mukuphunzira umakaniko kudzera ku TEVETA: kasitomala akadzati "ingochotsani", mufunseni modzichepetsa kuti, "Bwana, mukudziwa ntchito yake?" Mukamufotokozera n'kukanabe pa chinthu chokhudza moyo wa anthu, mulekeni apite kwina. Ndalama ya tsiku limenelo idzapita, koma dzina lanu lidzatsala. Nanunso okwera, pakamwa muli napo. Injini ikangoti zii pamwamba pa phiri, nenani mwaulemu kuti, "Adalaivala, tabwezerani giya." Ena adzakusekani, ena adzati mwayamba uphunzitsi m'galimoto. Asekeni nawo, bola mukafike.